Kukafika ku Mall of Africa Koyamba: Mmene Mungayendere ndi Kugula Mosaluza

Munthu amene akuyenda pa msewu waukulu wa N1 kuchokera ku Johannesburg kulowera ku Pretoria, akamayandikira Midrand amaona kumanzere kwake nyumba yaitali yagalasi yomangidwa mopotoka, imene muli maofesi a kampani ya PwC. Pafupi ndi nyumbayo, m'dera lotchedwa Waterfall City, ndi pamene pali Mall of Africa. Malowa adatsegulidwa pa 28 April 2016, ndipo tsiku limenelo kudafika anthu oposa 120,000, moti galimoto zidadzaza misewu yonse yozungulira. Muli masitolo oposa 300, ndipo malo ogulitsira okha ndi aakulu masikweya mita pafupifupi 131,000, kutanthauza mabwalo a mpira wamiyendo 18 ataphatikizidwa. Amene adazolowera ku Chichiri ku Blantyre kapena ku Gateway Mall ku Lilongwe amadziwa kale khalidwe la m'masitolo amakono, koma kukula kwa malo ano kumasintha zinthu zambiri, ndipo Amalawi ochuluka amene amakhala ku Joni kapena kubwera kudzacheza amataya nthawi ndi ndalama pa ulendo woyamba chifukwa chongolowa popanda dongosolo.

Choyamba muyenera kudzifunsa ngati kumeneku ndi kumene mukufunikadi kupita. Ngati cholinga chanu ndi kupikula katundu wa geni woti mukagulitse kumudzi, monga mabulangete, nsapato zambirimbiri kapena ziwiya, Mall of Africa si malo ake. Anthu a oda amapita ku Dragon City, ku China Mall kapena ku Oriental Plaza ku Fordsburg, kumene mtengo umatha kukambirana ndipo wogula zambiri amachotseredwa. Mu Mall of Africa mtengo umene walembedwa ndi womwewo, ndipo kunenerera kumangochedwetsa mzere. Kumeneku kumayenera munthu amene akufuna katundu wotsimikizika kuti ndi weniweni, wokhala ndi lisiti ndi chitsimikizo cha wopanga, kapena amene akufuna kupeza zovala, zakudya, mankhwala, banki ndi foni pansi pa denga limodzi.

Tsiku ndi kayendedwe

Tsiku labwino la ulendo woyamba ndi lapakati pa sabata, m'mawa, masitolo akangotsegula cha m'ma 9 koloko. Ogwira ntchito ambiri ku South Africa amalandira malipiro kuyambira pa 25 mpaka kutha kwa mwezi, choncho Loweruka loyandikana ndi masiku amenewo kumakhala piringupiringu, mizere ya pa tilu imatalika, ndipo ogulitsa sakhala ndi mpata wokufotokozerani bwino za katundu. Tsiku la Black Friday chakumapeto kwa November, limene masitolo amatsitsa mitengo, komanso masabata awiri otsogolera Khrisimasi ndi a anthu amene akudziwa kale sitolo imene akulunjika ndi khomo limene atulukire. Mlendo ayambe wapitako nthawi ina.

Ochokera m'katikati mwa Johannesburg akhoza kukwera sitima ya Gautrain pa Park Station, imene imadutsa ku Rosebank, Sandton ndi Marlboro isanafike ku Midrand. Sitimayi simulipira ndi ndalama zapamanja mkati. Mumagunditsa khadi ya Gautrain kapena khadi ya ku banki pa chipata polowa ndi potuluka, ndipo kudya, kumwa ngakhale kutafuna chingamu n'koletsedwa mukangodutsa chipatacho. Siteshoni ya Midrand ili tsidya lina la N1, kutali ndithu koti n'kuyenda wapansi mutanyamula katundu, choncho mufunse pa siteshonipo za basi yopita ku Waterfall, apo ayi muitane pa foni galimoto ya hayala ya Uber kapena Bolt. Okhala ku Tembisa, Ivory Park kapena Alexandra amagwiritsa ntchito maminibasi, amene kumeneko amawatcha matekisi. Musanakwere funsani woyang'anira pa renki kuti tekisi yomaliza yobwerera imanyamuka nthawi yanji, chifukwa kukada mayendedwe amenewa amachepa msanga.

Ngati mwabwera pa galimoto, dziwani kuti malo oimikapo ndi okwana galimoto pafupifupi 6,500, ndipo mizere yake imafanana kwambiri. Mukangotsika jambulani ndi foni chipilala chimene chili pafupi, pamene palembedwa nambala kapena chilembo cha gawolo, kenako jambulaninso khomo limene mwalowera. Tikiti imene mwatenga pa chipata muisunge m'chikwama, osaisiya m'galimoto, popeza mumalipira pa makina amene ali pafupi ndi makomo musanabwerere ku galimotoyo. Mukakhoma ndi rimoti, gwirani chitseko ndi dzanja kuti mutsimikize kuti chakhomekadi. Ku South Africa kuli akuba amene amagwiritsa ntchito kachipangizo kosokoneza rimoti, kotero kuti mwini amachoka akuganiza kuti wakhoma pamene zitseko zili zosakhoma. Nkhani imeneyi imachitika m'malo oimika galimoto ambiri m'dzikomo, ndipo makampani ena a inshuwalansi amavuta kulipira ngati palibe chizindikiro choti wina wathyola.

Kudziwa pamene muli

Musathamangire kulowa m'sitolo yoyamba imene yakukopani. Imani kaye pa chikwangwani cha mapu chimene chimakhala pafupi ndi khomo, kapena pa tebulo la ofunsira, ndipo muone kumene kuli masitolo amene mwalemba pa pepala lanu. Omanga malowa adaika mabwalo asanu akuluakulu mkati, lililonse loimira chigawo china cha Africa: Crystal Court ya miyala yamtengo wapatali ya kummwera, Great Lakes Court ya nyanja za kummawa, Forest Walk ya nkhalango za pakati, Oleum Court ya mafuta a kumadzulo, ndi Desert Court ya chipululu cha kumpoto. Mayinawa si okongoletsa chabe, chifukwa ndiwo njira yosavuta yodziwira pamene muli. Ngati mwabwera anthu angapo, gwirizanani bwalo limodzi ndi nthawi yokumanirana musanabalalike. Kuuzana pa foni kuti muli pafupi ndi sitolo ya nsapato sikuthandiza m'nyumba imene masitolo a nsapato ndi osawerengeka.

Ndi bwino kumvetsa chifukwa chimene malo otere amamangidwira motere. Kamangidwe kake kadayambira ku America, kumene katswiri wojambula mapulani a nyumba Victor Gruen adakonza Southdale Center, imene idatsegulidwa mu 1956 m'chigawo cha Minnesota. Nzeru yake njakuti masitolo akuluakulu amene anthu amawalondola, kuno monga Checkers Hyper ndi Woolworths, amaikidwa motalikirana, kuti munthu wochoka pa ina kupita pa inzake adutse pakhomo pa masitolo ang'onoang'ono ambiri. M'golosale namonso mkaka ndi buledi nthawi zambiri zimakhala chakumapeto, pamene maswiti ndi zakumwa zimadikira pa mzere wa tilu. Palibe chinyengo pamenepa, ndi malonda basi, koma amene akudziwa zimenezi amazindikira kuti kutopa ndi njala ndizo zimatsegula chikwama kuposa chosowa chenicheni. N'chifukwa chake muyenera kunyamuka kunyumba mutadya, mutavala nsapato zosapana, mutalemba zogula komanso ndalama imene simukufuna kupyola.

Dongosolo limene limathandiza ndi kugawa ulendowo pawiri. Ola loyamba likhale loona ndi kufananiza mitengo popanda kugula chilichonse, mukujambula timapepala ta mitengo ta zinthu zimene zakusangalatsani. Mukatero khalani pansi, werengani, chotsani zosafunika, kenako bwererani mukagule. Yambani ndi zopepuka monga zovala ndi mankhwala, zamagetsi zibwere pambuyo, ndipo golosale ikhale yomaliza, kuti nyama ndi zozizira zisazungulire nanu maola atatu.

Amene sadakwerepo masitepe oyenda okha asachite manyazi kuima pambali n'kuonerera kaye anthu awiri kapena atatu. Pokwera gwirani lamba wa m'mbali, pondani pakati pa sitepe osati pa mphako ya masitepe awiri, ndipo mukafika kumapeto nyamulani phazi n'kupitiriza kuyenda, osaima pomwepo chifukwa kumbuyo kukubwera anthu. Chitenje kapena diresi yofika pansi muikwinyire m'mwamba pang'ono, zingwe za nsapato za ana zikhale zomangidwa, ndipo mwana wamng'ono mumugwire dzanja kapena mumunyamule. Okalamba, amene ali ndi kangolo kogulira ndi amene akukankha mwana agwiritse ntchito chikepe. Zimbudzi ndi zaulere ndipo zikwangwani zake zimaoneka m'makonde. Mwana amene watha kuyankhula mumuonetse yunifolomu ya alonda, ndipo muike kapepala ka nambala ya foni yanu m'thumba lake.

Mitengo ndi kulipira

Apa ndi pamene alendo ambiri amapunthwa, choncho pafunika kufatsa. Mtengo umene walembedwa pa shelefu umakhala ndi msonkho wa VAT kale, umene ku South Africa wakhala 15 peresenti kuyambira mu April 2018. Koma kawirikawiri pa chinthu chimodzi pamakhala mitengo iwiri. Wolembedwa ndi zilembo zikuluzikulu umakhala wa anthu amene ali ndi khadi ya sitoloyo, monga Xtra Savings ya Checkers kapena ClubCard ya Clicks, pamene wina aliyense amalipira mtengo wa zilembo zazing'ono. Makhadi amenewa ndi aulere ndipo kulembetsa kumatenga mphindi zochepa ngati muli ndi nambala ya foni ya m'dzikomo ndi chiphaso, choncho amene akugula zambiri ayambe ndi kulembetsa. Musawasokoneze ndi akaunti ya m'masitolo a zovala, imene achinyamata oima pakhomo amakuitanirani mwaulemu kuti mutsegule. Imeneyo ndi ngongole ya chiwongoladzanja, ndipo mlendo alibe nayo ntchito.

Onaninso mawu ang'onoang'ono a pa selo. Nthawi zina mtengo wotsika umagwira ntchito pokhapokha mutagula ziwiri kapena zitatu, ndipo mukatenga chimodzi mumalipira mtengo wonse. Pofananiza paketi yaikulu ndi yaing'ono, yang'anani mtengo wa pa kilogalamu kapena pa lita umene umalembedwa m'munsi mwa kapepala ka pa shelefu, chifukwa yaikulu si nthawi zonse imene imatchipa. Lamulo loteteza ogula la dzikolo, Consumer Protection Act la 2008, limati wogulitsa asalipiritse mtengo woposa umene waonetsa, kupatula ngati chili cholakwika choonekeratu. Choncho tilu ikaonetsa mtengo wokwera kuposa wa pa shelefu, nenani modekha nthawi yomweyo, ndipo chithunzi chimene mudajambula chija chidzakuyankhulirani.

Pa tilu adzakufunsani ngati mukufuna jumbo. Majumbo amagulitsidwa kuyambira mu 2003, ndipo ngakhale mtengo wake ndi wochepa, chikwama chansalu chochokera kunyumba chimalimba kuposa pamenepo. Mukamalipira ndi ndalama zapamanja musadabwe chenje chikasiyana ndi masenti ochepa, popeza timakobidi tating'ono kwambiri adasiya kupanga ndipo masitolo amazungulitsa mtengo ku masenti 10. Malo ena omwera khofi salandiranso ndalama zapamanja, amafuna khadi basi. M'malesitilanti okhala pansi, monga amene ali panja moyang'ana paki, mwambo wake ndi kuwonjezera pafupifupi 10 peresenti ya woperekera zakudya, pamene kogula zonyamula palibe amene amayembekezera zimenezo.

Amene achokera ku Malawi asadalire khadi ya banki ya kumudzi yokha. Chifukwa cha kuchepa kwa ndalama zakunja, mabanki amaika malire a ndalama zimene khadi ingatulutse kunja kwa dziko, ndipo khadi imene simudaidziwitse ku banki kuti mukuyenda ikhoza kukanidwa pa tilu katundu atawerengedwa kale. Konzani nkhani imeneyi musananyamuke, ndipo musayembekezere kusintha makwacha mosavuta mukafika. Potapa ndalama sankhani makina a ATM amene ali m'kati mwa banki kapena pakhomo pake. Munthu aliyense wosamudziwa amene akudzipereka kukuthandizani pa makinawo mumukane, ngakhale atavala bwino chotani, chifukwa kuba kofala kumeneko ndi kosinthanitsa khadi yanu ndi ina m'kuphethira kwa diso wina akuonerera nambala yanu yachinsinsi. Makina akameza khadi musachoke musanaimbire banki kuti aitseke. Pasipoti muisunge m'thumba lamkati, yosiyana ndi chikwama cha ndalama.

Zovala ndi zamagetsi

Masaizi a nsapato ku South Africa amatsatira a ku Britain, amene ambiri tidawazolowera, koma masitolo ochokera ku Ulaya monga Zara ndi H&M amalembanso manambala a kwawo, kotero chovala chilichonse muchiyese. Pa khomo la chipinda choyesera amawerenga zovala zimene mwalowa nazo ndipo muyenera kutuluka nazo zonse. Mukalipira onetsetsani kuti achotsa kachitsulo kachitetezo kamene kamakhomedwa pa chovala. Akaiwala, belu limalira pakhomo, ndipo likapanda kulira mudzakazindikira muli kunyumba, kumene kukachotsa mokakamiza kumang'amba nsalu. Belu likalira imani, onetsani lisiti, nkhaniyo imathera pomwepo. Ngati mukugulira abale a kumudzi, nyamukani ndi miyeso yawo yolembedwa, ndipo ya ana ikhale yatsopano, popeza mwana amene mudamusiya chaka chatha salinso msinkhu womwewo.

Pa zamagetsi pali kanthu kamodzi kamene ambiri amakakumbukira atafika kale ku Lilongwe kapena ku Mzuzu. Mphamvu ya magetsi m'mayiko awiriwa ndi yofanana, koma pulagi ya ku South Africa ili ndi mano ozungulira pamene masoketi a ku Malawi ndi a mano atatu amakona. Ketulo kapena ayironi yogula ku Midrand idzafuna adaputa kapena kusintha pulagi, ndipo kudula pulagi kukhoza kuthetsa chitsimikizo cha wopanga. Funsaninso ngati chitsimikizocho chimagwira ntchito kunja kwa South Africa, chifukwa zambiri zimathera m'malire. Chinthu chodula monga TV kapena foni, pemphani kuti achitsegule ndi kuchiyatsa muli pomwepo.

Lisiti

Pa mapepala onse a tsikuli, lofunika kwambiri ndi lisiti, ndipo ntchito zake ndi zingapo. Alonda a masitolo ena amalifuna potuluka. Lamulo la 2008 lija limapatsa wogula miyezi 6 yobweza katundu amene wapezeka ndi vuto losachititsidwa ndi wogulayo, ndipo ndi wogula amene amasankha kuti amukonzere, amusinthire kapena amubwezere ndalama. Kungosintha maganizo ndi nkhani ina. Pamenepo lamulo silikakamiza sitolo, ndipo zimadalira malamulo ake amene nthawi zambiri amalembedwa kuseri kapena m'munsi mwa lisiti. Ambiri amalola kusintha ngati chovala sichidavalidwe ndipo mapepala ake akadali pomwepo, koma zovala zamkati ndi ndolo kawirikawiri sizibwezedwa. Inki ya malisitiwa imafufutika ikakhala pa dzuwa kapena m'thumba lotentha, choncho jambulani lililonse tsiku lomwelo ndipo enieniwo muwaike mu envulopu.

Kwa mlendo amene sakhala ku South Africa ndipo akubwerera kwawo ndi katunduyo, lisiti ndi ndalama. Boma la dzikolo limabweza VAT pa katundu wotuluka, malinga ngati zonse pamodzi zapyola R250 ndipo zatuluka pasanathe masiku 90 kuchokera tsiku logula. Pa katundu wa R1,150, msonkho ndi R150, ndipo mumalandira yocheperapo pang'ono chifukwa oyendetsa ntchitoyi amadulapo yawo. Kuti zitheke, uzani wa pa tilu kuti mukufuna lisiti la msonkho, limene amalitcha tax invoice, lokhala ndi nambala ya VAT ya sitoloyo. Ngati lisiti limodzi lapyola R5,000, payenera kulembedwa dzina lanu ndi keyala yanu monga zilili m'mapepala anu, ndipo zimenezi muzikonze musanachoke m'sitolomo, chifukwa pa chipata cha dziko palibe amene angakulembereni. Zakudya zina monga ufa wa chimanga, mpunga, mazira ndi buledi wa bulawuni zilibe VAT, choncho palibe chobweza, ndipo zimene mwadyera kapena kugwiritsa ntchito m'dzikomo, monga chakudya cha m'lesitilanti ndi malo ogona, sizilowa m'gululi.

Katunduyo amayenera kuonetsedwa kwa a kasitomu musanatuluke, kaya pa bwalo la ndege la OR Tambo kapena pa chipata cha Beitbridge m'malire ndi Zimbabwe. Oyenda pa ndege aonetse asanapereke masutikesi, ndipo oyenda pa basi alongedze katundu wa malisitiyo pamwamba kapena m'chikwama chapadera, komanso adziwitse kondakitala basi isanafike pa chipata, popeza kutsitsa katundu yense wa mu telera chifukwa cha munthu mmodzi sikusangalatsa aliyense. Malisiti enieni amatha kutsala ndi obweza msonkhowo, choncho khalani ndi makope kapena zithunzi zake. Mudzazifuna mukadutsa ku Nyamapanda ndi ku Tete n'kufika pa Mwanza kapena pa Dedza, pamene a MRA amawerengera msonkho wolowetsera katundu. Katundu wopanda umboni wa mtengo amamuikira mtengo okha, ndipo wa lisiti amakhala ndi poyambira kukambirana.